Bwato Kuchipinda kwa Amayi

El Cascajal, 9 Malichi 2003

Dago mlongo wanga,

Moni kuchokera kwa ife amene tidakali moyo, ngati nkhani imeneyi ikukukhudza. Kalata yako yomaliza inafika pa Khirisimasi, ndiye ndangoganiza kuti mandimu a azungu ukuthyolawo anakumaliza zala. Uli bwanji ku Spain?

Miyendo ya Amayi sinapole. Chiyambire Okutobala, pamene nyanja inasefukira n'kulowa m'nyumba mpaka m'mawondo, zilonda zija zikungotuluka madzi. Adokotala sanapite m'mbali, ati vuto ndi madzi a nyanja yathu ya Comadre ndipo tiwasamutse. Nzeru yako ya pafoni ija, yoti akakhale kwa azakhali m'tauni, ndinawauza. Anandiyang'ana ngati ndawapempha impso, n'kunena kuti nyumba imene anawamangira malemu Bambo adzatulukamo ali m'bokosi. Ukuwadziwa mayi ako.

Tsono popeza Amayi sasuntha, isinthe ndi nyanjayo. Dziwa kuti mlongo wako tsopano ndi wapampando wa bungwe la anthu okhala muno mu El Cascajal. Ndawagwetsa a Eudaldo Polo, amene akhala pampandowo kuyambira iwe ukuvala matewera, ndipo chitukuko chimene atisiyira ndi tebulo la domino pansi pa mtengo wa bonga ndi mimba yawo. Paipi ya fakitale yophera nkhuku ikulavulabe magazi ndi nthenga m'madzi. Namasupuni wadzaza moti galu angawoloke osanyowa. Fungo silikusankha malo, likulowa ndi m'tchalitchi momwe. Ansembe afupikitsa ulaliki chifukwa cha fungolo, ndiye pali akhristu ena akuti nyanja tiisiye momwemo.

Ndinapita ku ofesi yoona zachilengedwe. Mayi wina wonunkhira bwino anandiuza kuti m'mabuku mwawo Comadre si nyanja koma dzenje lotayamo madzi oipa, ndipo boma siliteteza maenje. Akufuna umboni woti kale inali nyanja. Ine wobadwira m'mphepete mwake, amene ndinaphunzirira kusambira momwemo, ndikasake umboni. Ndiye usagwire chikwama ndi mantha, sindikupempha ndalama. Ndikufuna zithunzi zakale za Bambo zimene unanyamula osapempha tsiku unkapita.

Chipinda chako chatha, kwangotsala zenera. Kuseri kunali kofewa, tinachita kuthirako malole awiri a zibuma za nyumba zogumulidwa monga amachitira aliyense akafuna malo, koma pano pauma gwa.

Mlongo wako wamkulu,
Ledis

Murcia, 22 Epulo 2003

Achemwali, kapena ndinene kuti a Wapampando,

Moni. Ndili bwino, zala zonse zilipo, kaya inu ndi Amayi. Kalatayi ndailemba nditagwada, poti sindidziwa mmene amawalembera anthu a mipando.

Zimene mwayambazo n'zimene ndakhala ndikunena. Vuto la anthu a kwathu ndi umbuli. Kuno ngakhale kadziwe kakang'ono kali ndi mabenchi, chikwangwani ndi abakha onenepa, ndipo ukangotaya khoko la nthochi wapolisi amatulukira ngati anali m'thumba mwako. Musachite zamanyazi. Pitani ku nyuzipepala, chitani phokoso, boma lathu limadzuka likayalutsidwa.

Ndaikamo chithunzi chimodzi, koma chikuposa zonse. Ndi cha tsiku la ukwati wawo. Amayi ali m'bwato atavala diresi loyera, Bambo akupalasa atavula jekete, kumbuyo kukuoneka masitepe a tchalitchi ndi mtengo wa bonga, madzi akufika pamizu pake penipeni. Madziwo ndi oyera moti mitambo ikuoneka pansi. Ndikaweruka ndimachiyang'ana ndipo mtima umandiwawa, sindikuchita manyazi kunena. Chionetseni dziko lonse, koma chibwerere chopanda mafuta a nsomba.

Zenera la chipinda changa liyang'ane kunyanja. Ndikadzabwera ndikufuna ndizidzadzuka ndikuona madzi, osati chimbudzi cha a Eudaldo.

Mlongo wanu,
Dagoberto

El Cascajal, 30 Juni 2003

Dago,

Zikomo chifukwa cha maphunziro a abakha. Ndime ya umbuli ija ndinaiwerenga pa msonkhano, ndipo onse akupereka moni. Ena mpaka anatchula ndi makolo ako, ataiwala kuti ndi anganso.

Kuyendetsa bungwe n'kosavuta. Umaitana msonkhano wa nyanja, anthu amabwera kudzakamba za galu wa a Nelvis oyandikana nafe amene anadya nkhuku ya eni chaka chatha. Ukati tisonkhe ya magolovesi, aliyense amakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Loweruka lililonse timavuula namasupuni ndi zinyalala. M'mawa timakhala anthu oti ungatiwerenge ndi zala, koma ikamakwana nthawi yopakula msuzi wa sancocho timakhala dera lonse, aliyense ndi mbale yake ndi msana wopweteka. Tavuula matayala, mafiriji awiri, chidole cha m'sitolo ya zovala chopanda mutu chimene a Nelvis anayamba kuchilira maliro asanachione bwino, ndi njinga yako ija unkati inabedwa.

Koma chithunzi chagwira ntchito. Tinanyamula zidebe za nsomba zakufa ndi matumbo a nkhuku n'kukazikhuthula pakhomo pa ofesi ija dzuwa lili pamutu. Mayi wonunkhira uja anatuluka atatseka mphuno ndi kampango, ndipo kwa nthawi yoyamba anandifunsa dzina. M'mawa mwake nyuzipepala inaika zithunzi ziwiri moyandikana, cha ukwati ndi cha matumbo, pamwamba n'kulemba kuti onani chimene tataya. A ofesi apempha chithunzicho kuti akachikulitse, ndawapatsa ndi manja awiri.

Amayi agula nyuzipepala zitatu. Akuti osindikiza awakulitsa mphuno, koma ina aimata pakhoma, ina ili pansi pa pilo, yachitatu ikuyenda nawo kulikonse. Miyendo ikadali chimodzimodzi. Ndikamawatsuka zilondazo amangoyang'ana kudenga osanditukwana n'komwe, ndipo zimenezi n'zimene zikundiopsa.

Ledis

El Cascajal, 16 Novembala 2003

Dago,

Sunayankhe, koma chimwemwe sichidikira positi. Tapambana. Paipi ya nkhuku aitseka ndi simenti ine ndikuona, ndipo boma lalengeza kuti Comadre ndi nyanja yotetezedwa. Tinavina mumsewu mpaka zimkuzamawu zinapsa. A Eudaldo analankhula nthawi yaitali kufotokoza mmene nkhondoyi anaiyambira iwo, ndipo anthu anawaombera m'manja kuti akhale pansi.

Mvula ya Okutobala inalowanso m'nyumba, koma ulendo uno anali madzi chabe. Zilonda za Amayi zauma. Dzulo ayenda okha mpaka kumsika kukakangana ndi wogulitsa chinangwa, ndipo abwerako atapambana. Akakowa abwerera kutsidya kuja. Ndinaima pakhonde n'kupuma ndi mphuno zonse ziwiri, ndinalira ngati mwana.

Kwabwera amuna atatu a boma ndi zingwe zoyezera ndi zikhomo, akuti akuika malire a nyanja. Ndawaphikira khofi. Anthu aulemu kwambiri.

Ledis

El Cascajal, 11 Januwale 2004

Mwana wanga Dagoberto,

Ndine mayi ako. Ndikulemba ndekha, ndiye usaseke zilembo. Kodi ukudya? Pachithunzi unatumiza chija uli ngati mpini wa tsache.

Miyendo yayambanso. Pakufunika mankhwala ambiri, ndipo ndi odula chifukwa amachokera kutali. Tumiza zimene ungathe, msanga, kudzera kwa a Eudaldo Polo, poti mkamwini wawo ndi amene amabweretsa. Ledis usamuuze. Ali ndi zambiri mwana uja, masiku ano ndi wa boma.

Uzivala juzi. Amayi Maria akusunge.

Mayi ako,
Sixta Tulia

Murcia, 8 Febuluwale 2004

Achemwali,

Moni sindipereka wambiri. Munandilembera kuti miyendo yapola, pamene Amayi akupempha mankhwala mobisa kudzera kwa munthu amene inu munamugwetsa pampando. Nsomba za m'nyanja zili ndi wapampando, mayi wokubalani alibe womuyang'anira. Ndatumiza zonse zimene ndinali nazo, mwezi uno ndikudya buledi ndi mandimu. Anati ndisakuuzeni, koma ndakuuzani. Mukapeza mpata pakati pa atolankhani mukawaoneko, amakhala chipinda choyandikana ndi chanu.

Dagoberto

El Cascajal, 2 Malichi 2004

Dago,

Moni, adokotala aakulu. Mankhwala ako afika, malole asanu ndi limodzi a zibuma. Ndawaona ndi maso anga akukhuthulidwa kuseri kwa chipinda chako.

Khala pansi ndikuuze zimene ndinakubisira, poti ndinkayesa ndizikonza ndekha. Nyanja yotetezedwa imabwera ndi lamulo lake. Nyumba iliyonse imene yatalikirana ndi madzi osakwana mamita makumi atatu iyenera kugumulidwa, eni ake akapatsidwe malo ku nyumba zosanjikizana kuseri kwa bwalo la ndege. Amuna aulemu ndinawaphikira khofi aja anabweranso ndi penti wofiira. Mtanda woyamba anaulemba pa chitseko cha Amayi, ndipo anapempha chopondera kuti afikire bwino. Walira mvula walira matope, ndipo analira mvulayo ndine.

Tsono anthu a El Cascajal si opusa. Anawerengera kuti ngati nyumba yayandikira madzi, ndipo nyumba siyenda, ayende ndi madziwo. Mkamwini wa a Eudaldo ali ndi lole. Anthu omwe aja tinkaguba nawo, ena atavala matisheti a bungwe olembedwa kuti Comadre ndi mayi wathu, akhala akukwirira nyanja Lamlungu lililonse akachoka ku misa. Pokonza nyanja misana inkapweteka. Pokwirira palibe wadwala ngakhale chimfine.

Lamlungu lapitali ndinakaima panjira ya lole ikubwerera chambuyo. Woilondolera, atakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu, anali Amayi, ataima pa miyendo iwiri yabwinobwino.

"Choka apo, Ledis, ungaphwanyidwe," anatero.

Ndinawauza kuti akukwirira nyanja imene yawachiritsa, ndipo ndinawakumbutsa mafinya onse amene ndinapukuta.

"Nanga iwe unabadwira pa chiyani? Khitchini ija ndi malole anayi. Chipinda chako ndi atatu, bambo ako anachita kugulitsa wailesi. Lero zibuma zasanduka tchimo poti wavala tisheti yolemba?"

Anthu anaseka, a Nelvis mpaka anaomba m'manja. Ndinachoka panjira ya lole, koma osati chifukwa chogonja. Ndinali nditadziwa kale chimene iwo sankadziwa, ndipo mtima wowauza pagulu ndinalibe. Boma silikuyeza kuchokera pamene madzi ali lero. Likuyeza kuchokera pamene anali kale, ndipo umboni wake ndi chithunzi chako chija, chimene achikulitsa ngati chitseko. Masitepe a tchalitchi akuoneka, mtengo wa bonga ukuoneka, madzi ali pamizu pake. Pa mapu awo misewu itatu yonse ya kumunsi ili m'nyanja. Akhoza kuthira zibuma mpaka kutsidya, mzerewo susuntha. Ndinawauza Amayi tili awiri kukhitchini. Anangondifunsa ngati ndathira mchere mu mpunga.

Ndiye usadandaule kuti uli kutali ndipo sukuthandiza. Pa ntchito yogwetsa nyumba ya Amayi tonse awiri tasonkhapo, ine phokoso, iwe chithunzi.

Ledis

Murcia, 28 Malichi 2004

Achemwali anga,

Pepani. Mawu a nsomba aja ndawameza ndi minga yomwe. Chakudya sichikulowa.

Koma tamverani. Chithunzi sichilankhula. Mitengo ya bonga ili paliponse ndipo matchalitchi onse amafanana. Amayi akangolumbira pamaso pa akuluakulu a boma kuti chinajambulidwa kwina, tinene kumtsinje kwawo kwa Bambo, mzere uja wagwa. Ndalankhula ndi a Eudaldo pafoni, akuti dera lonse lidzachitira umboni. Inu mungotseka pakamwa tsiku limodzi lokha. Ndikudziwa kuti ndakupemphani chinthu chachikulu.

Kodi mtanda wofiirawo wakhudzanso chipinda changa, kapena mbali yakale yokha?

Mlongo wanu,
Dagoberto

El Cascajal, 19 Meyi 2004

Dago,

Moni. Chipinda chako chili bwino, pa mapu a boma chili pamalo okuya kwambiri.

Nzeru yako inafika ndipo El Cascajal inailandira ndi nthungululu. Ine ndinawachenjeza kuti chithunzi chikagwa, Comadre ibwerera kukhala dzenje, a nkhuku atsegula paipi yawo, zilonda zibweranso. Anandithokoza chifukwa cha maganizowo n'kundichotsa pampando tsiku lomwelo. A Eudaldo abwerera, ndipo tebulo la domino alipaka kale penti. Koma ndinalonjeza kukhala chete. Ndinaona kuti bola Amayi a zilonda m'nyumba mwawo kusiyana ndi Amayi a miyendo yabwino kumalo kumene mtima wawo sukufuna. Sindikunyadira, ndikungokuuza.

Sabata yonse a Eudaldo ankabwera kudzawaphunzitsa bodza, n'kumachoka atadya. Amayi analiloweza bwino kuposa katekisimu: chinajambulidwa kumtsinje, kwawo kwa amuna anga. Lachinayi akuluakulu anafika m'holo ya tchalitchi, anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Amayi anavala diresi la maluwa ndi ndolo zawo za golide. Mayi wonunkhira uja anaimika chithunzi chachikulu chija kutsogolo. Amayi anali asanachione chitakula chonchi. Bambo anali pamenepo, msinkhu wa munthu weniweni, manja a malaya atapinda, akuseka ndi dzino lawo lothyoka lija.

Mayi uja anawafunsa Amayi kuti chinajambulidwa kuti. Amayi anachiyang'anitsitsa mpaka a Eudaldo anatsokomola kawiri. Kenako anaimirira, anapita pafupi n'kuika chala pa bwato.

"Apa ndi kuchipinda kwanga," anatero. "Tsiku limenelo amuna anga a Wilfrido anaimika nkhafi n'kundiuza kuti, Sixta, malo ndilibe, koma bedi lako ndidzaliika pompano. Anthu anawaseka. Zinawatengera zaka, ndi wilibala yobwereka, malole asanabwere n'komwe. Koma analiika."

A Eudaldo anawanong'oneza kuti mayi, kumtsinje, kumtsinje.

"Kumtsinjeko mukakwatireko inu. Amuna anga anakwirira nyanja ndi manja chifukwa cha ine, ndiye ndiwakane pamaso pawo chifukwa cha njerwa?"

Mayi uja analemba zonse. Pobwerera palibe anatilankhula, ndipo Amayi anandigwira mkono njira yonse akudandaula kuti nsapato zikuwathina.

Ledis

Kuseri kwa bwalo la ndege, 5 Febuluwale 2006

Mwana wanga Dagoberto,

Ndine mayi ako, ndidakali moyo. Makalata ako ndinkawaona, koma dzanja linalibe chilakolako. M'nyumba muja sindinatulukemo m'bokosi monga ndinkanenera. Ndinatuluka pa lole ya mkamwini wa a Eudaldo nditakhala pa matiresi, ndipo anatilipiritsa.

Kuno ndi kumwamba. Boma linatiganizira okalamba, linatiika pamwamba penipeni kuti tiyambe kuzolowera ulendo. Miyendo ili bwino, ndiyo yokha ikusangalala. Anzathu akale ena sandipatsa moni pa masitepe, Nelvis amandipatsa akaona kuti palibe akuona. Ledis ali nane, wachepa thupi. Pa mwambo wotsegulira nyanja sanamuitane, riboni anadula a Eudaldo. Usamamulembere zopweteka mlongo wako, amandisisita miyendo ngakhale sindinamupemphe.

Lamlungu tinakwera basi kukaona. Zibuma zonse anazifukula, za bambo ako ndi zako zomwe. Madzi abwerera mpaka pamizu pa bonga. Aika mabenchi ndi chikwangwani, ndipo uwauze azungu akowo kuti abakha nafenso tili nawo. Ndinakhala pa masitepe a tchalitchi n'kuyeza ndi maso. Pamene panali bedi langa panali mnyamata ndi mtsikana m'bwato la hayala, mnyamatayo akupalasa mokhotakhota, pakamwa osatseka, ukuchita kuona kuti akulonjeza zinthu. Ndinafuna kumukuwira mtsikanayo kuti ayambe wafunsa za mamita makumi atatu, koma Ledis anandigwira. Ndinalira pang'ono. Madziwo ndi okongola, mwana wanga, ngati tsiku lija, ndipo n'zimene zikundipweteka.

Chithunzi sindikubwezera. Ndalama usatumize, mankhwala aja ndinasiya. Ukuti ubwera pa Khirisimasi ndipo ukufunsabe za chipinda chako. Chilipo pamalo pomwe paja, ndipo monga unkafunira, kulikonse ungayang'ane ukuona madzi. Ubwere ndi kabudula wosambirira.

Mayi ako,
Sixta Tulia